Kodi Oedipus analakwa chiyani? Ngwazi ya m'masewero achisoni a Agiriki

Tsoka likagwera munthu wodziwika, funso limene limayamba kuyenda pakamwa pa anthu ndi lakuti, "Kodi anapalamula chiyani?" Sitikhazikika mpaka titapeza pamene anaponda molakwika. Tikapapeza mtima umakhala m'malo, chifukwa ngati choipa chitsata mwini, ndiye kuti ife amene sitinapalamule tili pabwino. Ophunzira a Yesu ataona munthu wosaona chibadwire anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Abwenzi a Yobu nawo anakangamira kuti pali chimene Yobu akubisa. Masewero achisoni amene Agiriki ankaonerera zaka pafupifupi 2,500 zapitazo anaika pabwalo munthu amene funso limeneli silimukwana, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero akuwerengedwa.

Masewerowa anakulira mumzinda wa Athens, m'zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe (kuyambira pano tizingolemba BC). Chaka chilichonse, cha m'mwezi wa Marichi kapena Epulo, mzindawu unkachita chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus. Anthu zikwizikwi ankakhala m'mbali mwa phiri la Acropolis, kuyang'ana bwalo limene linali m'munsi. Unali mpikisano: alembi atatu ankasankhidwa, aliyense n'kubweretsa masewero atatu achisoni ndi limodzi lopepuka lotsekera. Ochita sewero anali amuna okhaokha, ovala zigoba kumaso, ndipo olankhula sankapitirira atatu, kotero munthu mmodzi ankasintha chigoba n'kukhala mfumu, kenaka mkazi, kenaka mthenga. Pambali pawo panali gulu la oimba ndi kuvina, poyamba 12 kenaka 15, amene nthawi zambiri ankaimira akuluakulu a mumzinda kapena amayi, anthu wamba oona tsoka likubwera koma osatha kulitchinga. Kuphana sikunkachitikira pamaso pa oonerera. Mthenga ndiye ankabwera kudzafotokoza zimene zachitika m'nyumba, kenaka zitseko n'kutseguka, mitembo n'kuonekera.

Mwa masewero mazanamazana amene analembedwa, atifika ndi opitirira pang'ono 30, a alembi atatu okha: Aeschylus, Sophocles ndi Euripides. Sophocles yekha analemba oposa 120, koma athunthu atsala 7.

Pafupifupi zonse zimene timaphunzitsidwa kusukulu zokhudza ngwazi ya m'masewerowa zimachokera kwa Aristotle, woganiza mozama wa Chigiriki, munthu amene sanawaone alembiwa n'komwe. Sophocles ndi Euripides anamwalira mu 406 BC, pamene Aristotle anabadwa mu 384 BC, ndipo kabuku kake kotchedwa Poetics kanalembedwa cha m'ma 335 BC. Sanali kupereka malamulo oti alembi atatu aja atsate. Anali ngati sing'anga amene akusanthula mankhwala amene anaona kuti amachiza, kufuna kudziwa chimene chimagwira ntchito m'kati mwake. Ndipo mawu akuti ngwazi ndi athu, obwera pambuyo. Iye ankangokamba za mtundu wa munthu amene nkhani yake ingagwedeze oonerera, ndipo ananenetsa kuti moyo wa sewero uli m'zochitika ndi kalukidwe kake, khalidwe la munthu limabwera pachiwiri.

Aristotle anayambira kumapeto. Sewero lachisoni liyenera kudzutsa zinthu ziwiri mwa woonerera: chifundo ndi mantha. Chifundo timachimva pa munthu amene wavutika mopitirira chimene chikumuyenera. Mantha timawamva pamene wovutikayo ndi munthu ngati ife. Akuluakulu athu anamanga mfundo yachiwiriyi m'mawu ochepa: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuchokera apa anayamba kuchotsa anthu osayenera. Munthu wangwiro akagwa kuchoka paufulu kulowa m'tsoka, sitimva chifundo chenicheni, timangonyansidwa ndi kupanda chilungamo. Woipa zikamuyendera bwino, palibe chachisoni ngakhale pang'ono. Woipitsitsa akagwa, timati zamukwana, n'kubwerera kwathu mitima ili mbee. Wotsala ndi munthu wa pakati: sanaposa anzake m'chilungamo, komanso sanagwe chifukwa cha kuipa mtima. Ndi munthu wa dzina ndi ulemerero, wochokera kubanja lotchuka, ndipo chomugwetsa Aristotle anachitcha hamartia.

Pa liwu limeneli ndi pamene ambiri tinasokera. M'makalasi ambiri limamasuliridwa kuti chilema cha khalidwe, mng'alu umene munthu anabadwa nawo: uyu nsanje, uyu dyera la mpando, uyu kuzengereza. Wophunzira amaphunzitsidwa kusaka mng'aluwo, akaupeza n'kulemba dzina lake, mamalikisi n'kutenga. Koma liwuli linachokera ku mneni wonena za kuphonya, monga mmene mkondo umaphonyera nyama. Lingatanthauze kulakwitsa posadziwa, kuona molakwika, kapena kupalamula ndithu, malinga ndi pamene lagwiritsidwa ntchito. Chinawonjezera chisokonezo n'chakuti m'Chipangano Chatsopano, chimene chinalembedwa m'Chigiriki patapita zaka zoposa 300, liwu lomweli ndi limene m'Baibulo lathu timawerenga kuti tchimo. Owerenga a m'mibadwo ya Chikhristu atalipeza mwa Aristotle, analimva ndi khutu la kutchalitchi. Koma Aristotle mwiniwake anali atanena kale kuti munthuyu sagwa chifukwa cha kuipa, ndipo chitsanzo chake choyamba chinali Oedipus.

Nkhani ya Oedipus, monga Sophocles anaionetsera cha m'ma 429 BC, iyenera kumvedwa mwachifatse, chifukwa mkangano wonse wagona m'tinthu tating'onoting'ono. Laius, mfumu ya ku Thebes, anauzidwa ndi ula kuti mwana wake adzamupha. Mwana atabadwa, anamuboola akakolo n'kumupereka kwa mbusa kuti akamutaye kuphiri. Mbusayo anagwidwa chisoni, n'kupatsa khandalo mbusa mnzake wa ku Corinth, kumene mfumu Polybus ndi mkazi wake Merope, amene analibe mwana, analilera ngati lawo. Atakula, munthu wina woledzera paphwando anamutonza kuti si mwana weniweni wa pakhomopo. Oedipus anapita ku Delphi, kukachisi wa mulungu Apollo, kukafunsa. Funso lake silinayankhidwe. M'malo mwake anauzidwa kuti adzapha bambo ake ndi kukwatira mayi ake. Taonani chimene anachita: anasiya kwawo, ufumu umene ukanakhala wake, makolo amene ankawakonda, n'kulumbira kuti sadzapondanso ku Corinth. Munthu woipa mtima sachita zotere.

Ali paulendo wothawawo, pamphambano ya njira zitatu, anakumana ndi ngolo ya mkulu wina ndi antchito ake. Anafuna kumukankhira kunja kwa msewu, iye n'kumenya woyendetsa ngolo, mkuluyo n'kumumenya pamutu ndi ndodo yothamangitsira akavalo. Oedipus anabwezera, n'kupha onse kupatula mmodzi amene anathawa. Atafika ku Thebes anapeza mzinda uli pamoto ndi chilombo chotchedwa Sphinx, chimene chinkapha aliyense wolephera ndagi yake. Iye anaimasula. Anthu anamupatsa ufumu pamodzi ndi mkazi wamasiye wa mfumu yawo, Jocasta, ndipo anabereka naye ana anayi.

Zonsezi zinachitika sewero lisanayambe. Pamene oonerera akumuona koyamba, mliri wagwa mumzinda, mbewu zikufota, ziweto zikufa, amayi akupita padera, ndipo anthu abwera kudzagwada pakhomo pake. Iye akuwatcha ana ake, ndipo akuti wayamba kale kuchitapo kanthu: watuma mlamu wake Creon ku Delphi. Yankho likubwera lakuti amene anapha Laius ali mumzinda momwemo ndipo achotsedwe. Oedipus akutemberera wakuphayo pamaso pa onse, osadziwa kuti akudzilodza yekha. Anthu a ku Athens ankaidziwa kale nthanoyi, ndipo mzinda wawo unagwidwa ndi mliri woopsa mu 430 BC. Mawu alionse olimba mtima amene mfumuyi ikulankhula ankawamva kawiri.

Ndani akumugwetsa? Mlosi wakhungu Tiresias akubwera koma akukana kulankhula, Oedipus akumukakamiza. Jocasta, atazindikira choonadi iye asanazindikire, akumuchonderera kuti asiye kufufuza, iye akukana. Mbusa wokalamba uja akubweretsedwa, akunjenjemera, akupempha kuti asamufunsenso. Oedipus akulamula kuti amupotokole mikono mpaka anene. Mbusayo akuti wafika pamphepete penipeni pa mawu oopsa, ndipo Oedipus akuyankha kuti iyenso wafika pamphepete powamva, koma ayenera kuwamva basi. Katatu konse anapatsidwa mpata wotseka nkhani n'kukhalabe mfumu. Chimene chinamuletsa ndi chomwe chija chinapulumutsa Thebes kwa Sphinx: nzeru yosalola funso kugona lopanda yankho, ndi mtima wa mtsogoleri amene sangaone anthu ake akufa iye ali chete. Mukamuchotsera zimenezi kuti apulumuke, simutsala ndi Oedipus wabwinoko. Mutsala ndi munthu wamantha amene wasankha mpando, mliri n'kumapitirira.

Sindikunena kuti analibe zofooka. Anali wapsemtima, anamunamizira Creon chiwembu popanda umboni, ananyoza Tiresias chifukwa cha khungu lake. Zimenezi ndi zimene zimamuchititsa kukhala munthu ngati ife. Koma sizimene zinamugwetsa. Ulosi unanenedwa iye asanabadwe, ndipo pamphambano paja anayamba kuputidwa ndiye. Hamartia yake inali yakuti sankadziwa kuti iye ndi ndani, ndipo sankadziwa kuti amene akumupha ndi amene akumukwatira ndi ndani. Katswiri wina wa ku Oxford, E. R. Dodds, analemba nkhani mu 1966 atachonga mayeso n'kupeza kuti ophunzira ambiri akulemba kuti Oedipus analandira zomuyenera. Iye anatsutsa zimenezi mwamphamvu, ndipo ine ndili kumbali yake. Sophocles mwini, m'sewero lake lomaliza limene linaonetsedwa mu 401 BC iye atamwalira kale, anamubweretsanso Oedipus ali nkhalamba yakhungu yopemphapempha ku Colonus, akudziteteza kuti zimene zinachitika zinamugwera koposa mmene iye anazichitira.

Aristotle anatchula zinthu zina ziwiri zimene zimachitikira munthu wotere. Choyamba ndi peripeteia, kutembenuka kwa zinthu, pamene chinthu chochitidwa kuti chithandize chimabala zosiyana. Mthenga wa ku Corinth akubwera ndi uthenga woti Polybus wamwalira ndipo Oedipus akakhale mfumu kumeneko. Poona kuti akuopabe za mayi ake, mthengayo akufuna kumumasula: musaope, amene aja sanali makolo anu, ndine ndinakulandirani kuphiri muli khanda. Mawu otonthoza ndi amene akutsegula manda. Chachiwiri ndi anagnorisis, kuzindikira, kuchoka m'kusadziwa kulowa m'kudziwa. Aristotle anati sewero limafika pachimake zinthu ziwirizi zikagwera pamodzi, ngati muno. Ananenanso kuti tsoka limaluma kwambiri likachitika pakati pa achibale, mbale kupha mbale wake, mwana kupha kholo, chifukwa mdani akapha mdani palibe chodabwitsa.

Ngwazi yotere siyenera kufa. Jocasta akudzimangirira, koma Oedipus akutenga zomangira chovala cha mkaziyo n'kudzikolowola maso, n'kutuluka kudzaima pamaso pa anthu ake, wamoyo. Akuti zowawazi anazibweretsa ndi Apollo, koma dzanja limene lakantha maso ndi lake. Pamenepa ndi pamene ndimaona ukulu wake wonse. Sakubisala kuseri kwa kusadziwa kwake, ngakhale anali ndi ufulu wotero.

Liwu lina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi hubris, limene ambiri amati ndi kudzikuza. Kwa anthu a ku Athens linali lolemera kuposa apo: kunali kuchititsa mnzako manyazi mwadala kuti uoneke wapamwamba, ndipo unali mlandu wopita nawo kubwalo. M'masewero ena lilipodi. Sewero lakale kwambiri limene latsala, la Aeschylus la mu 472 BC, likunena za Xerxes, mfumu ya ku Persia, amene anamanga mlatho wa zombo panyanja ya Hellespont kuti akagonjetse Greece, n'kukaphwanyidwa pankhondo ya ku Salamis mu 480 BC. Mzimu wa bambo ake, Darius, ukudzuka m'manda n'kunena kuti mwano ukachita maluwa umabereka ngala za chiwonongeko, ndipo zokolola zake ndi misozi. Chodabwitsa n'chakuti Aeschylus, amene anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi anthu a ku Persia, anachititsa anthu a kwawo kumva kulira kwa adani awo patangopita zaka 8. Koma kutenga hubris n'kuiyesa kiyi wotsegula sewero lililonse n'kubwerera ku funso lija lakuti anapalamula chiyani.

Antigone, sewero lina la Sophocles la cha m'ma 441 BC, limasokoneza ngakhale muyeso wa Aristotle. Ana awiri aamuna a Oedipus aphana polimbirana ufumu. Creon, amene tsopano ndi mfumu, akulamula kuti Eteocles, woteteza mzinda, aikidwe mwaulemu, koma Polyneices, amene anabwera ndi asilikali achilendo, mtembo wake usiyidwe pamtetete agalu ndi mbalame zidye. Wouika aphedwe. Mlongo wawo Antigone akupita kukauwaza dothi. Wowerenga wa kuno safuna womufotokozera kulemera kwa nkhaniyi. Creon ndi mlongo wake wa Jocasta, kutanthauza kuti kwa ana amenewa ndi malume, munthu amene kwathu kuno ndiye amayembekezeka kutsogolera maliro a mbumba yake. Komabe Creon si chilombo. Mzinda wangotuluka m'nkhondo, ndipo iye akukhulupirira kuti mtsogoleri amene amaika chibale patsogolo pa dziko ndi wachabechabe. Antigone akuyankha kuti pali malamulo a milungu, osalembedwa, amene analipo mfumu iliyonse isanabadwe. Hegel, woganiza mozama wa ku Germany, anaona m'seweroli kugundana kwa zinthu ziwiri zimene zonse zili ndi chilungamo chake, aliyense atagwira chake n'kukana kuona cha mnzake.

Ndiye ngwazi ndi ndani pamenepa? Amene akutsata ndondomeko ya Aristotle ndi Creon. Mwana wake Haemon, bwenzi la Antigone, akumuchenjeza kuti madzi akasefukira, mitengo yowerama imapulumuka, youma khosi imazulidwa ndi mizu yomwe. Iye sakumva. Akudzamva nkhwangwa ili m'mutu, Tiresias atamuopseza, ndipo pofika kuphanga kumene anatsekera mtsikanayo akupeza wadzimangirira. Haemon akudzibaya, mkazi wa Creon naye akudzipha atamva za mwana wake. Creon walakwitsa, zinthu zamutembenukira, wazindikira mochedwa. Koma amene amakhala m'mitima ya anthu ndi Antigone, amene sasintha maganizo ndipo palibe chimene akuzindikira kuti analakwa. Ngwazi zambiri za Sophocles n'zotere: zimauzidwa kuti zigonje, abale amazichonderera, zimatsala zokha, koma sizisuntha. Aristotle analemba kuti kulimba mtima kwachimuna ndi kuchenjera sizimuyenera mkazi wa m'sewero. Pamenepa analankhula monga mwamuna wa nthawi yake, ndipo masewero enieniwo amamutsutsa: Antigone, Clytemnestra wa Aeschylus, amene akupha mwamuna wake, ndi Medea wa Euripides wa mu 431 BC, amene akupha ana ake omwe akudziwa bwino chimene akuchita.

Nkhani ya Antigone inafika ndi kum'mwera kwa Africa kuno m'njira yake. Akaidi a ku Robben Island, ku South Africa, anachita seweroli m'ndende, ndipo Nelson Mandela anatenga mbali ya Creon. Mu 1973 Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapanga sewero la The Island, la akaidi awiri amene akukonzekera kuonetsa mlandu wa Antigone pamaso pa owalondera. Ku Nigeria, Ola Rotimi anasamutsira nkhani ya Oedipus pakati pa Ayoruba mu 1968.

Ambiri a ife tinakumana ndi ngwazi yotereyi koyamba kudzera mwa Shakespeare kusekondale, ndipo kumeneko ndi kumene chizolowezi chosaka chilema chinamera mizu, makamaka potsatira buku la A. C. Bradley la mu 1904, limene linaika chidwi chachikulu pa khalidwe la munthu. Kwa Shakespeare njirayi ili ndi pogwira, pakuti anthu ake amagwa kuchokera m'kati kwambiri kuposa a Agiriki. Othello akufanana ndi Oedipus pang'ono: akupha mkazi wake Desdemona atanamizidwa ndi Iago, n'kudziwa choonadi mkazi atazizira kale. Macbeth ndi wina. Akudziwa kuti Duncan ndi mfumu yake, mbale wake ndi mlendo wa m'nyumba mwake, akuwerenga yekha zifukwa zonse zosamuphera, kenaka n'kumupha. Pa muyeso wa Aristotle ameneyu sakanayenera kutimvetsa chifundo. Timamumverabe chifukwa Shakespeare anatilowetsa m'mutu mwake, n'kutionetsa munthu amene akuona moyo wake ukuwola, tulo tamuthawa, ndipo akudziwa kuti wadziwononga yekha. Kungolemba kuti anali ndi dyera la ufumu n'kutaya zonsezi.

Ngakhale mfundo ya ufumu inadzagwedezeka. Kale ngwazi inkayenera kukhala ya dzina chifukwa ikagwa, mzinda wonse umagwedezeka nayo. Mu 1949 Arthur Miller wa ku America analemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti munthu wamba nayenso angathe kunyamula sewero lachisoni, malinga ngati ali wokonzeka kutaya moyo wake kuti ateteze ulemu wake. Chaka chomwecho, m'sewero lake la Death of a Salesman, anaonetsa Willy Loman, wogulitsa malonda wokalamba amene kampani yamutaya.

Chotsala ndi chimene chimachitika mwa ife oonerera. Plato, mphunzitsi wa Aristotle, sankafuna alembi a masewerowa mumzinda wangwiro umene ankaulingalira, poti ankati amathirira maganizo achisoni amene munthu wanzeru ayenera kuwaumitsa. Aristotle anayankha ndi liwu limodzi, katharsis, limene analiika m'tanthauzo lake la sewero lachisoni osalimasulira. Ena amati ndi kutsuka m'mimba monga amachitira mankhwala, pokumbukira kuti bambo ake anali dokotala wa mfumu ya ku Macedonia. Ena amati ndi kuyeretsa kwa pamwambo. Amene anakhalapo pasiwa usiku wonse, kulira maliro a wina mpaka misozi ya zake zomwe itatuluka, n'kubwerera kunyumba m'mawa thupi lili lopepuka, ali ndi poyambira pomvetsa liwuli.

Sewero la Oedipus limatha iye akupempha chinthu chimodzi. Za ana ake aamuna sakudandaula, akuti ndi amuna, adzadzionera. Akupempha Creon kuti amulole kukhudza ana ake aakazi awiri, Antigone ndi Ismene, amene sanadyepo patebulo losiyana ndi lake. Akuwabweretsa akulira. Iye akuwafufuza ndi manja, magazi akadali kumaso, n'kuyamba kuwawerengera zimene zikuwadikira: maphwando amene adzabwerako akulira, ndi amuna amene adzaope kuwakwatira. Kenaka Creon akumuuza kuti awasiye anawo, alowe m'nyumba. Pampikisano wa chaka chimenecho, oweruza anapatsa Sophocles malo achiwiri, woyamba n'kukhala Philocles, mphwake wa Aeschylus, amene palibe sewero lake ngakhale limodzi limene latifika.